Ndalama za chipatala: njira ikatalika, wodwala ndiye amalipira



Nkhani ya chipatala siisowa pa zokambirana zathu. Wina akuti mankhwala kulibe, wina akuti anamuuza kuti akagule yekha, wina akuti bola kuoloka Muloza. Koma pali funso limodzi lomwe sitikonda kulifunsa: kodi ndalama yogulira mankhwala ndi kulipira anamwino imachokera kuti, nanga imadzera njira iti kuti ifike pa wodwala? Ife alimi timadziwa kuti madzi a m'ngalande akadutsa m'nthambi zambiri, kumunda kumafika matope okha. Ndalama za umoyo nazo n'chimodzimodzi. Mbiri ya dziko lathu ikuonetsa kuti nthawi zimene njira ya ndalamazi inali yaifupi ndi yomveka, anthu ambiri ankathandizidwa ndi ndalama zochepa. Pamene njira inachuluka, mtengo unakwera, ndipo wolipira anali ife a kumudzi. Tiyeni tiyende nayo mbiriyi pang'onopang'ono.

Nthawi ya Apwitikizi

Pa nthawi ya atsamunda panalibe chipatala chimodzi cha anthu onse. Boma linali ndi zipatala zake, asilikali zawo, amishoni zawo, makampani akuluakulu a njanji ndi a minda nawonso zawo, kuphatikizapo madokotala odziyendetsera okha amene ankalandira odwala a ndalama. Aliyense anali ndi thumba lake ndi malamulo ake. Madokotala ambiri anali ku Lourenço Marques, komwe lero timati Maputo, ndi ku Beira, kumene kunali azungu ambiri.

Kuno kwathu kunali minda ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Thumbine. Makolo athu ankakhoma msonkho, ankagwira chibalo, koma msonkhowo sunkabwerera kwa iwo ngati mankhwala. Munthu wa kumudzi akadwala, chithandizo chake chinali sing'anga, kapena kuoloka malire kupita ku chipatala cha mishoni ku Mulanje. Kuoloka malire chifukwa cha matenda sikunayambe lero ayi.

Thumba limodzi, mndandanda umodzi

Dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julayi, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti zipatala zonse zili m'manja mwa boma, ndipo udokotala wochita malonda unaletsedwa. Madokotala ambiri Achipwitikizi ananyamuka, moti otsala m'dziko lonse anali osakwana 100. Nduna ya zaumoyo nthawi imeneyo inali Dr. Hélder Martins. Ndalama zinali zochepa, anthu odziwa ntchito analinso ochepa. Ndiye anachita bwanji? Anafupikitsa njira.

Choyamba anayang'ana mankhwala. M'masitolo a mankhwala a nthawi ya atsamunda munali mitundu yoposa 10,000, yambiri mwa iyo mankhwala amodzimodzi ovala maina osiyana ndi mitengo yosiyana. Mu 1977 boma linatulutsa mndandanda umodzi wa mankhwala ofunika, osakwana 500. Madokotala anauzidwa kuti azilemba dzina lenileni la mankhwala, osati dzina la kampani. Kugula mankhwala kunja kunapatsidwa kwa kampani imodzi ya boma yotchedwa Medimoc, yomwe inkagula ambiri nthawi imodzi, n'kuwapikisanitsa ogulitsa kuti atsitse mtengo. Mlimi aliyense amene anagulapo feteleza pagulu akumvetsa zimenezi: thumba la pagulu silifanana mtengo ndi la pa mbale. Ndi ndalama yomweyo dziko linayamba kugula mankhwala ochuluka kuposa kale. Chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunika, ndipo Mozambique inkatchulidwa ngati chitsanzo.

Chachiwiri anayang'ana malipiro. Lamulo la 1977 linati katemera ndi ntchito zonse zoteteza matenda n'zaulere, ndipo woonana ndi dokotala azilipira kandalama kochepa kofanana paliponse. Panalibenso zoti uyu ndi wa kampani, uyu ndi wa boma, uyu ndi wa kumudzi. Pakati pa 1976 ndi 1979 kunachitika katemera wa dziko lonse amene anafikira anthu oposa 90 pa 100 alionse. Mu 1978 anayamba kuphunzitsa anthu osankhidwa m'midzi, aja timawatcha ma APE, kuti azithandiza matenda ang'onoang'ono pamudzi pomwepo. Chaka chimenechonso maiko anakumana ku Alma-Ata n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira chiyandikire munthu aliyense. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma linkaika pa zaumoyo ndalama zoposa 10 pa 100 zilizonse za bajeti yake.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Madokotala anali ochepa, zipatala zinali kutali, ndipo ma APE ambiri anasiya ntchito chifukwa ankayembekezera kuti mudzi ndiwo uziwasamala, pamene mudziwo unalibe kanthu. Koma pa nkhani ya ndalama phunziro lilipo: dziko losauka linafikira anthu ambiri chifukwa linasankha zinthu zochepa zofunika, n'kuzigulira m'thumba limodzi.

Nkhondo ndi kukwera kwa mitengo

Kenaka inabwera nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Zipatala zing'onozing'ono za m'midzi zinatenthedwa, zina zinabedwa, zina zinangotsekedwa anamwino atathawa. Pofika kumapeto kwa nkhondo, pafupifupi theka la zipatala zimenezi m'dziko lonse silinkagwiranso ntchito, ndipo Zambezia inali m'gulu la zigawo zovutika kwambiri. Tauni ya Milange inagwa m'manja mwa Renamo mu 1986, boma linailandanso mu 1988. Anthu athu anathawira ku Muloza, ku Mulanje ndi madera ena a Malawi. Dziko laling'ono lija linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri a ife a zaka za m'ma 30 tinabadwira tsidya lija, katemera woyamba tinalandira kumeneko.

Nkhondo ili mkati, chuma chinagwa. Mu 1987 boma linagwirizana ndi IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pa ndondomeko yotchedwa PRE. Mphamvu ya metikali inatsitsidwa, ndalama za boma zinachepa, ndipo malipiro a kuchipatala ndi a mankhwala anakwezedwa. Sikuti kunali kuno kokha. Chaka chomwecho nduna za zaumoyo za mu Africa zinakumana ku Bamako, m'dziko la Mali, n'kugwirizana zoti odwala azilipirako mankhwala kuti ndalamazo zizigulira ena. Maganizo ake ankamveka abwino pa pepala. Koma m'maiko ambiri chotsatira chinali chimodzi: osauka anayamba kuchedwa kupita kuchipatala, kudikira kuti matenda akule kaye. Mu 1991 lamulo linalolanso zipatala za anthu wamba zolipiritsa.

Mtendere ndi matumba ambirimbiri

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kwawo. Maiko ndi mabungwe akunja anabwera ndi thandizo lambiri, ndipo tisaiwale kuthokoza, pakuti zipatala zambiri zimene tikugwiritsa ntchito lero zinamangidwanso nthawi imeneyo. Koma aliyense anabwera ndi thumba lake. Bungwe ili lili ndi galimoto zake, ofesi yake, mlembi wake wa ndalama, mapepala ake a lipoti. Lina lasankha boma ili, lina boma ilo, boma lina latsala lopanda aliyense. Namwino mmodzi yemweyo ankadzaza mapepala a mabungwe angapo, odwala ali pa mzere panja. Anamwino ndi madokotala ena anasiya ntchito ya boma kutsata malipiro a mabungwe. Unduna weniweniwo unkavutika kudziwa kuti ndalama zonse zolowa m'dziko za umoyo ndi zingati.

Apa ndi pamene pamatayikira madzi a m'ngalande muja. Palibe amene akuba, koma galimoto khumi zikamapita njira imodzi, iliyonse yanyamula katoni imodzi, mafuta okhawo adya ndalama ya mankhwala.

Atazindikira vutoli, boma ndi maiko othandiza anakhala pansi ku Maputo m'chaka cha 2000 n'kusaina pangano lotchedwa Kaya Kwanga, loti onse azitsata ndondomeko imodzi ya unduna wa zaumoyo. Mu 2003 anakhazikitsa thumba la pamodzi lotchedwa PROSAUDE, moti maiko angapo aziponya ndalama zawo m'menemo, boma n'kumagawa. Panalinso thumba lina la mankhwala ndi lina la zigawo, ndipo mu 2008 matumbawa anaphatikizidwa kukhala limodzi. Kunali ngati kubwerera ku nzeru ya 1977 ija.

Koma nthawi yomweyo matenda a Edzi anali atafika poipa, ndipo kunabwera ndalama zikuluzikulu zatsopano: Global Fund yomwe inayamba mu 2002, ndi PEPFAR ya dziko la America yomwe inalengezedwa mu 2003. Ndalama zimenezi zinapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Pamudzi uliwonse pali anthu amene akulima lero chifukwa cha ma ARV aulere. Koma zambiri mwa ndalama za ku America zinkadzera m'mabungwe, kunja kwa thumba la pamodzi lija, ndipo zinali za matenda osankhidwa. N'chifukwa chake munthu ankatha kupeza chipinda cha Edzi chili ndi zonse, koma khomo loyandikana nalo mulibe mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Tsidya lija la Muloza

Abale athu a ku Malawi ali ndi mbiri yawoyawo yomwe ingatiphunzitse. Mu 1964, dziko lawo litangolandira ufulu, Dr. Kamuzu Banda anafuna kuti wodwala aliyense azilipira tiki, ndiye kuti mapeni atatu, pa chipatala cha boma. Nduna zake zina, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, sizinagwirizane nazo, ndipo tikiyo inali imodzi mwa nkhani zimene zinautsa mkangano waukulu wa nduna chaka chimenecho. Tiki sinakhalitse. Kuchokera nthawi imeneyo zipatala wamba za boma la Malawi zakhala zosalipiritsa pakhomo, ngakhale kuti m'zipatala zikuluzikulu muli zipinda za olipira.

Koma zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dzikomo, zimalipiritsa. Mayi woyandikana ndi chipatala cha mishoni ankachilambalala, kapena kuchirira pakhomo, chifukwa chosowa ndalama. Kuyambira mu 2006 boma la Malawi linayamba kupangana ndi zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, bilu izipita ku boma. Taonani kufupika kwa njira: m'malo motolera makobidi kwa amayi zikwizikwi, wolipira ndi mmodzi, wolandira ndi mmodzi. Amayi opita ku sikelo ndi ochirira kuchipatala anachuluka. Vuto limabwera boma likachedwa kulipira biluyo, pakuti chipatala chimayamba kulira.

Maiko enanso anayesa. Uganda inachotsa malipiro m'zipatala za boma mu 2001, ndipo odwala obwera kuchipatala anachuluka kwambiri. Zambia inachotsa malipiro m'zipatala za m'midzi mu 2006. Koma konseko anaona chinthu chimodzi: ukachotsa malipiro osaonjezera mankhwala ndi anamwino, mzere umatalika, mashelefu n'kukhala mbee. Walira mvula walira matope.

Metikali imodzi ndi mtengo weniweni

Kuno kwathu, kwa zaka zambiri mtengo wolembedwa m'zipatala zing'onozing'ono za boma wakhala metikali imodzi yoonana ndi namwino, ndi mametikali 5 a mankhwala onse olembedwa pa pepala limodzi, kaya ndi amtundu umodzi kaya itatu. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, okalamba, ndi odwala TB kapena Edzi sayenera kulipira. Ubwino wa mtengo wotere ndi wakuti ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amaudziwa, ndipo wofuna kumubera amavutika.

Koma tonse tikudziwa kuti mtengo weniweni wa matenda si umenewo. Tawerengani nokha. Njinga yamoto yonyamula wodwala kuchokera kumudzi, kupita ndi kubwera. Chakudya cha wodwala ndi cha womudikirira. Masiku amene khasu lagona, udzu uli kukula m'munda. Mankhwala akasowa, kukagula ku sitolo ya mankhwala pa mtengo wa malonda. Akakutumizani ku Mocuba kapena ku chipatala chachikulu cha ku Quelimane, chomwe chinatsegulidwa mu 2016, ndiye nkhani yakula. Mukaoloka malire, wosintha ndalama naye adyapo pake pakati pa metikali ndi kwacha. Mapeto ake munthu amagulitsa mbuzi, amagulitsa chimanga cha m'nkhokwe pa mtengo wolira, kapena amatenga katapila n'kupinyolitsa nandolo asanakhwime.

Ndiye tikamanena zotsitsa mtengo wa chipatala, tisamangoyang'ana mametikali 6 aja. Chimene chimatipulumutsira ndalama zambiri ndi chakuti mankhwala apezeke pa chipatala chapafupi tsiku lomwe tapitalo. Mankhwala a malungo akapezeka kwa APE wa pamudzi, mwana wachira popanda njinga yamoto, popanda kugona kuchipatala. Ntchito ya ma APE inadzutsidwanso mu 2010, ndipo ulendo uno anaikiridwa kandalama ka mwezi ndi mwezi, mametikali 1,200 pa nthawiyo. Koma ndalamayo inkachokera kwa othandiza osiyanasiyana, ndipo kuchedwa kwake kunali dandaulo la ma APE m'madera ambiri. Apanso vuto ndi la njira.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Mu Epulo 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja, m'dziko la Nigeria, kuti aziika 15 pa 100 iliyonse ya bajeti pa zaumoyo. Maiko ambiri sanafikepo. Kudalira thumba la mnzako kuli ndi zoopsa zake, ndipo taziona kawiri.

Mu 2016 zinaululika kuti makampani a boma anatenga ngongole zobisika zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni. IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo lolowa mu bajeti ya boma, metikali inagwa, ndipo mankhwala ogula kunja anakwera mtengo. Ku Malawi zofanana nazo zinachitika mu 2013 ndi nkhani ya Cashgate. Apa pali phunziro lowawa: thumba limodzi limayenda pokhapokha wolisunga ali wokhulupirika ndipo mabuku ake ali poyera. Chikhulupiriro chikatha, aliyense amabweza ndalama yake n'kukumba ngalande yakeyake.

Kachiwiri ndi mu 2025. M'mwezi wa Januwale boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID linatsekedwa. Mbali ina ya thandizo la mankhwala opulumutsa moyo inaloledwa kupitirira, koma mabungwe ambiri anaimitsa ntchito, ndipo anthu ambiri amene ankayendera odwala m'midzi anachotsedwa. Chigamulo cha ku Washington chinamveka mpaka kuno ku malire. Zambezia ili ndi anthu ambiri omwa ma ARV, choncho nkhani imeneyi si ya pa wailesi chabe, ndi ya m'nyumba mwathu.

Nanga ife tichitepo chiyani?

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ku Maputo, mlimi alibe nazo mawu. Ayi anzanga. Msonkho umene umalowa m'thumba la boma timakhoma ndife, pa mafuta, pa mayunitsi a foni. Ndalama ya chipatala ndi yathu, ndipo tili ndi ufulu wofunsa mmene ikuyendera.

Choyamba, tiyeni tidziwe mtengo wovomerezeka ndi anthu amene sayenera kulipira. Kalabu iliyonse ipemphe kuti mitengoyi ilembedwe pa khoma la chipatala m'chinenero chathu, ndiponso kuti iziulutsidwa pa wailesi yathu ya Thumbine. Mtengo wodziwika ndi onse suba.

Chachiwiri, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi aja oyendetsa chipatala pamodzi ndi anamwino asakhale a dzina lokha. Tisankhemo anthu olimba mtima, amayi akhalemo, ndipo azitiuza pa msonkhano kuti mankhwala afika liti, ochuluka bwanji, atha liti. Mankhwala a boma tikawaona pa msika, tisagule, ndipo tinene.

Chachitatu, m'magulu athu osunga ndalama, kaya ndi banki m'khonde kaya chitiki, tisanyoze kathumba ka zadzidzidzi. Aliyense akamaponya pang'ono ali bwino, tsiku la matenda njinga yamoto imapezeka popanda katapila. Malamulo ake akhale ochepa, oti aliyense awaloweze pamtima, ndipo ndalama iziwerengedwa pamaso pa onse. Nzeru yake ndi yomwe ija ya thumba la dziko: athanzi amanyamula odwala, mawa odwalawo adzanyamula ena. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, akabwera akuluakulu a boma, aphungu kapena a mabungwe kudzalankhula pa wailesi, tiwafunse mafunso olunjika. Ndalama za chipatala chathu chaka chino ndi zingati? Zadzera m'manja angati? Bungwe lanu likadzachoka, ntchitoyi adzalipira ndani? Ndipo popeza udzudzu ndi kolera sizionetsa chiphaso pa malire, monga tinaonera namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, tipemphenso kuti akuluakulu a zaumoyo a Milange ndi a Mulanje azikambirana poyera za odwala ooloka, kuti mayi wa m'malire azidziwa kumene angathandizidwe ndi zimene ayenera kunyamula.

Kambiranani nkhaniyi m'makalabu mwanu sabata ino. Afunseni agogo amene anaona katemera wa 1976 ndi amene anathawira ku Muloza mu 1986 kuti akuuzeni mmene ankalipirira, ndipo mlembi wa kalabu alembe zimene banja limodzi linaononga pa matenda amodzi, kuyambira pa njinga mpaka pa mankhwala. Mutumize ku wailesi kuti tidzawerengere pamodzi, akuluakulu akumva.